Buku la pa foni: laulere kwa yani?

Uthenga udalowa cha m'ma 9 koloko usiku. "Amalume, pepani ndakuvutitsani. Aphunzitsi aponya buku pa gulu la kalasi koma ine bandulo yandithera. Mayeso ndi Lolemba." Ameneyo ndi mwana wa mchemwali wanga. Ali chaka chachiwiri pa sukulu ina ya ukachenjede, ndipo amakhala m'kachipinda ka lendi kunja kwa mpanda wa sukulu pamodzi ndi anzake awiri. Ndidamutumizira kangachepe. Lisadathe theka la ola adalembanso kuti buku lija latsika lonse, masamba 600 ndi kanthu, koma foni yatsala pang'ono kuzima, magetsi kwawoko adapita masana osabwerera. M'mawa mwake adakasiya foniyo pa kashopu kotchajitsa, n'kulipira. Madzulo adapita pa fotokope kukapulintitsa mitu itatu imene ankaganiza kuti ituluka pa mayeso, n'kulipiranso. Buku limeneli aphunzitsi ake adati ndi laulere.

Sindikuwanyoza aphunzitsiwo ayi. Ine ndidaphunzira nthawi ya buku limodzi. M'kalasi tidalimo anthu oposa 60, ndipo buku limene tonse tinkalisaka lidali limodzi lokha, losungidwa kuseri kwa kauntala ya laibulale. Unkalembetsa dzina, nthawi yako ikakwana n'kukupatsa maola awiri, osatuluka nalo. Tsiku lina, nditadikira masiku atatu, ndidalitsegula n'kupeza mutu umene ndinkaufuna udachekedwa ndi lezala, mwaudongo ngati ntchito ya telala. Choncho ndikamva mwana akudandaula kuti buku la masamba 600 lamudyera bandulo, mtima wina umati: iwe, ukadadziwa!

Pamenepa ndi pamene pagona mkangano umene uli mkati m'sukulu zathu za ukachenjede, ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Thyolo ndi ku Blantyre. Ena akuti tisiye kulira mabuku a pepala amene sitingawakwanitse, zonse tiziike pa intaneti, wophunzira aziwerenga pa foni kapena pa laputopu. Ena akuti kutero n'kuchotsa katundu pamutu pa sukulu n'kumusenzetsa mwana wa mlimi.

Oikira kumbuyo intaneti amayambira pa mtengo, ndipo pamenepo n'kovuta kuwagwetsa. Mabuku ambiri a udokotala, uinjiniya, sayansi ndi zachuma amene timaphunzitsira amasindikizidwa kunja, ndipo amagulidwa ndi madola, mapaundi kapena marandi. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. M'bukumo simudasinthe ngakhale chilembo chimodzi, koma mtengo wake udalumpha kawiri konse. Wophunzira wodalira ngongole ya boma, amene kandalama kake kagawike pa lendi, ufa, makala ndi sopo, buku lotere amangolionera m'manja mwa mphunzitsi. Nayo laibulale ikapeza ndalama imagula awiri kapena atatu, kalasi ili ndi anthu mazana. Chiwerengero cha ophunzira chakwera kwambiri kuposa nthawi yathu ija, koma mashelefu sadakule nacho limodzi.

Amakumbutsanso za moto. Pa 18 Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University idapsa, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 adasanduka phulusa. Zimene zidasonkhanitsidwa pang'onopang'ono kuyambira pamene sukuluyo idatsegulidwa zidatha tsiku limodzi. Buku la pepala likapsa lapsa. Limene lasungidwa pa makompyuta a malo awiri kapena atatu, nyumba ingagwe, lokha limatsala. Ndipo siling'ambika, silinyowa ndi denga lodontha, palibe wa lezala angalicheke.

Mfundo yawo yolemera kwambiri ndi yakuti mabuku aulere enieni alipo, osati akuba. Ku America, sukulu ya MIT idalengeza mu 2001 kuti iika zophunzitsira zake poyera kuti aliyense atenge. Mu 2012 Rice University idayambitsa OpenStax, imene imalemba mabuku athunthu a chaka choyamba, a Biology, Physics, Chemistry, Economics ndi ena, olembedwa ndi akatswiri ndi kuunikidwa ndi akatswiri anzawo. Mabukuwa ali ndi chilolezo cha Creative Commons, kutanthauza kuti mphunzitsi wa ku Zomba akhoza kulitenga, kuchotsa zimene sakuzifuna, kuikamo zitsanzo za kwathu, n'kuligawa popanda wom'tengera ku khothi. Mu 2019 mayiko a mu UNESCO adagwirizana kuti maboma azilimbikitsa zophunzitsira zotere. Pa nkhani ya kafukufuku, HINARI ya bungwe la WHO, imene idayamba mu 2002, ndi AGORA ya bungwe la FAO, ya 2003, zimalola sukulu za m'mayiko osauka ngati lathu kuwerenga magazini a akatswiri a zaumoyo ndi zaulimi amene sitikadawagula ndi ndalama zathu. Malaibulale a m'dziko muno adapanga mgwirizano wawo, MALICO, kuti azipeza zinthu zoterezi pamodzi m'malo moti aliyense azilimbana nazo payekha.

Ndipo si zakunja zokha. Cha m'ma 2009, aphunzitsi a ku Bunda, mothandizana ndi bungwe la OER Africa, adasonkhanitsa zolemba zaulere n'kupanga buku la Communication Skills la ophunzira a chaka choyamba, chifukwa mabuku a phunzirolo sankakwanira. Lidali buku laling'ono, koma lidaonetsa kuti nkhaniyi n'njotheka ndi manja athu omwe.

Pali anthu enanso amene mkanganowu umawaiwala. Mphunzitsi wa ku pulayimale ku Karonga kapena ku Mulanje amene akuchita digiri ali pa ntchito sangakwere basi mlungu uliwonse kukapempha maola awiri a buku. Wophunzira wosaona amadikira nthawi yaitali kuti mutu umodzi ulembedwe mu Braille, pamene buku la pa kompyuta, likakonzedwa bwino, makina amamuwerengera mokweza tsiku lomwelo. Kwa anthu awa, kunena kuti tibwerere ku pepala lokha n'kuwatsekera khomo.

Zonsezi n'zoona. Koma walira mvula walira matope, ndipo a mbali inayo amadziwa kuloza matopewo.

Funso lawo loyamba ndi limene mwana wa mchemwali wanga adandifunsa osadziwa kuti akufunsa: laulere kwa yani? Buku la pepala linkagulidwa ndi sukulu, n'kusungidwa m'nyumba ya sukulu, n'kuwerengedwa pansi pa getsi lolipiridwa ndi sukulu. Mwana wa nduna ndi mwana wa mlonda ankaima pamzere umodzi, aliyense maola ake awiri. Buku likasamukira pa intaneti, sukulu imasamba m'manja. Chowerengera agule wophunzira, bandulo agule wophunzira, moto wa foni asake wophunzira, akafuna pepala apulintitse wophunzira. Mtengo sudafe, wangosamuka. Kale unkatuluka kamodzi m'thumba la boma, lero ukutuluka pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, m'thumba la amalume ndi azakhali. Ndipo mzere uja watha: wa laputopu wawerenga kale buku lonse ali pa bedi, wa kafoni ka mabatani akudikira kuti mnzake agone kuti abwereke yake.

Chaka cha 2020 chidaika zimenezi pambalambanda. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, ndipo ophunzira adabalalika kupita kumakwawo. Kumene adayesa kupitiriza maphunziro pa intaneti, zidaoneka msanga kuti kalasi imodzi ili ndi mayiko awiri. Wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa ankalowa pa Zoom tiyi ali pambali. Wa kumudzi ankakwera pachulu kusaka netiweki, ndipo akaipeza mawu a mphunzitsi ankabwera modukaduka ngati wailesi yotha mabatire. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno ndizo zinkaunikira magetsi. Ngakhale amene ali pa mawaya a ESCOM sangadzitame: namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo mdima udatenga chaka ndi miyezi. Buku la pepala silidziwa kuti lero ndi tsiku la dera lanu kuzimitsidwa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, amatero akuluakulu, ndipo masamba amene ali m'chikwama ndi fodya wa pamphuno.

Amene amati vutoli ndi la umphawi wathu wokha ayang'ane ku South Africa. Mu 2020, makampani a foni kumeneko adalola kuti masamba a intaneti a mayunivesite azitsegulidwa osadya bandulo, ndipo sukulu zina zidabwereketsa malaputopu kwa ophunzira. Komabe University of Cape Town, ndi chuma chake chonse, idatumizira ophunzira ena zolemba zopulinta ndi mafulashi, chifukwa kumene ankakhala intaneti sinkafika. Ngati a ku Cape Town adabwerera ku pepala, ife ndife yani?

Palinso nkhani ya kuwerenga kwenikweniko, imene anthu a makompyuta sakonda kuikamba. Tsegulani buku la Chemistry pa foni ya m'manja. Tsamba lolembedwera pepala lalikulu limafinyika mpaka zilembo kukhala ngati nyerere. Ukalikuza ndi zala, theka la mzere lathawira kumanja. Chithunzi chili pa tsamba 212, kufotokoza kwake pa 213, ndipo ukamakankha kupita uku ndi uko uthenga wa WhatsApp walowa, wina wamwalira kumudzi, wina watumiza kavidiyo koseketsa. Ndi angati angakhale maola atatu pa mutu umodzi m'phokoso lotere? Chimene chimachitika n'chakuti bukulo silitsegulidwa n'komwe. Ophunzira amathamangira ku masilaidi a mphunzitsi, timizere tisanu pa tsamba, n'kuloweza. Mphunzitsi naye, poti waponya buku pa gulu, mtima wake uli m'malo. Foni yadzaza mabuku, mutu uli ndi timizere. Ndidafunsapo mnyamata wina wa chaka chachitatu kuti mwa mabuku onse amene ali mu foni yake ndi angati adawerengapo mutu wathunthu. Adaseka, nati, "Bwana, amenewo ndi a chitetezo."

Ndipo tinene chilungamo: ambiri mwa mabuku amene amayenda pa magulu a WhatsApp si a OpenStax. Ndi mabuku ogulitsa amene wina adawajambula kapena kuwatsitsa pa masamba akuba. Buku la kampani yaikulu ya ku London likabedwa motero, ambiri a ife sitigona ndi njala chifukwa cha chisoni. Koma chizolowezi sichisankha. Mphunzitsi wa kuno akalemba buku lake, n'kulisindikiza ndi ndalama za m'thumba, wophunzira mmodzi amagula, n'kulijambula ndi foni, pofika madzulo kalasi yonse ili nalo. Makatoni a mabuku otsalawo amadyedwa ndi chiswe m'chipinda chogona. Wachiwiri sadzalembanso. Tili ndi bungwe la COSOMA ndi lamulo la umwini wa zolemba la 2016, koma palibe lamulo limene lingalondere foni iliyonse. Osindikiza ang'onoang'ono ngati Kachere, imene idayamba ku Chancellor College m'ma 1990, kapena Mzuni Press, ndi amene atipatsa mabuku onena za ife eni. Akafa amenewa tidzatsala ndi mabuku aulere a zachuma amene zitsanzo zake ndi misonkho ya ku Texas, pamene mwana akufunika kumvetsa mtengo wa fodya ku okushoni ya Kanengo ndi chifukwa chake chimanga chimakwera mu Januwale.

Pa nkhani ya kukopera mabukuyi pali mlandu wina wa ku India umene umandisangalatsa. Mu 2012 makampani atatu akuluakulu, Oxford University Press, Cambridge University Press ndi Taylor & Francis, adasumira kashopu ka fotokope kotchedwa Rameshwari, ka mkati mwa University of Delhi, chifukwa kankasonkhanitsa mitu ya m'mabuku osiyanasiyana n'kumagulitsa kwa ophunzira motchipa. Mu 2016 khothi lalikulu la ku Delhi lidagamula kuti kukopera zolemba zophunzitsira m'kalasi sikulakwira lamulo la dzikolo, ndipo chaka chotsatira makampaniwo adausiya mlanduwo. Lamulo la India si lathu, ndipo sindikuuza munthu kuti akayese mwayi. Chondigwira mtima n'chakuti m'dziko lodziwika ndi akatswiri a makompyuta, chimene ophunzira adachimenyera nkhondo chidali kashopu ka fotokope.

Kashopu kameneko ndi kamene mbali zonse ziwiri zimakadutsa ngati sizikukaona, chikhalirecho ndiye laibulale yeniyeni ya wophunzira wa masiku ano. Pitani ku Chikanda kapena ku Luwinga mlungu woti mayeso ayamba mawa. Makina atentha, inki yayamba kufooka, mnyamata wa pa shopu akulandira mafayilo pa WhatsApp n'kumafunsa kuti, "Masamba awiri pa pepala limodzi, kapena anayi?" Ambiri amasankha anayi, zilembo zichepe bola ndalama ikwane. Anthu atatu amasonkherana, kope imodzi n'kumabwerekana usiku. Apa intaneti ndi pepala sizikulimbana konse. Buku labwera pa foni, lathera pa pepala. Ophunzira adauthetsa kale mkangano umene akuluakulu akadali nawo m'misonkhano. Chotsala n'chakuti akuulipira okha, pa mtengo wa malonda.

Ine ndaima pati? Ndaima ndi mabuku aulere ovomerezeka, ndipo sindibisa. Masiku a lezala aja asabwererenso, ndipo palibe bajeti imene idzagulire wophunzira aliyense buku la madola. Koma ndikukana kuti sukulu izinena kuti yapereka buku pamene yangoponya fayilo pa gulu. Buku laperekedwa likafika pamaso pa mwana m'njira yoti angathe kuliwerenga, mopanda kuimbira amalume usiku.

Zofunika kuti izi zitheke si zozizwitsa. Zolemba za kosi iliyonse zikhoza kukhala pa kompyuta imodzi ya pa sukulupo, wophunzira n'kumazitenga pa Wi-Fi ya sukulu popanda kutuluka kupita pa intaneti yakunja, motero popanda bandulo. Moodle, imene sukulu zambiri zili nayo kale, imalola munthu kutsitsa zolemba n'kukaziwerenga kumene kulibe netiweki. Chofunika n'chakuti mphunzitsi aike zonse mlungu woyamba, osati kudonthezera usiku woti mawa mayeso, komanso kuti Wi-Fiyo izifika kumene ophunzira amakhala pansi, pakhale ndi masoketi a sola ochuluka. Zimene makampani a foni a ku South Africa adachita mu 2020, Airtel ndi TNM angathe kuzichita pa masamba a masukulu athu chaka chonse, ndipo MACRA ili ndi pakamwa poti ingayambire nkhaniyo. Kenako pepala. Chilolezo cha mabuku aulerewa chimalola kuwapulinta. Sukulu imene ili ndi makina opulintira mayeso siingalephere kupulinta mitu yofunika ya kosi ya chaka choyamba, yambiri nthawi imodzi, n'kuigulitsa pa mtengo wa pepala ndi inki basi. Si zachilendo kwa ife: kuyambira m'ma 1960, Malawi Correspondence College idaphunzitsa anthu ambirimbiri ndi timabuku topulinta pamodzi ndi wailesi, luso lamakono la nthawi imeneyo.

Wina anena kuti mapanga awiri avumbwitsa, sukulu yosauka isankhe chimodzi. Ndikadavomera zikadakhala kuti ndi mapanga awiri. Koma fayilo ndi yomweyo. Ntchito yovuta ndi yolemba ndi kukonza buku. Likakonzeka, kuliika pa kompyuta kapena kulitumiza ku makina opulintira ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Ntchito yolembayo ndiyo imene ndikuona kuti yasowa mwini. Mphunzitsi wa pa yunivesite amakwezedwa pa ntchito makamaka chifukwa cha mapepala a kafukufuku amene watulutsa m'magazini a akatswiri, amene mwina awerengedwa ndi anthu ochepa kunja kwa dziko. Akatha miyezi isanu ndi umodzi akusintha buku la Biology kuti likambe za chambo cha m'nyanja ya Malawi, likodzo ndi ntchemberezandonda, ndani amuwerengere? Nthawi zambiri palibe. Ndiye tidabwa chiyani kuti zimene adachita a ku Bunda sizidafalikire ngati moto wa m'tchire? Sukulu imulipire wolembayo kamodzi, momveka, ntchitoyo iwerengedwe pa kukwezedwa kwake, ndipo bukulo likhale la onse. Potero wolemba sakudaliranso kugulitsa kope imodziimodzi, ndipo mwana wolijambula ndi foni sakubera munthu. Ndalama zimene zimagula mabuku atatu akunja oti akakhale kuseri kwa kauntala zikhoza kuyamba ntchito imeneyi, kosi imodzi chaka chilichonse, kuyambira makosi a chaka choyamba amene ali ndi anthu ochuluka.

Mwana wa mchemwali wanga adakhoza mayeso aja. Mwa mitu itatu imene adapulintitsa, iwiri idatuluka. Buku la masamba 600 lija adalifufuta mwezi wotsatira chifukwa foni idadzaza, ndipo sadawerengepo mutu wina uliwonse. Mapepala aja, opindika m'makona ndi odzaza ndi zolemba za bolopeni yofiira, adam'patsa mtsikana wa chaka choyamba wa chipinda choyandikana nacho.

Inu akuluakulu a m'maseneti ndi m'madipatimenti, musadalembe mu lipoti kuti zophunzitsira zafika kwa ophunzira onse, itanani kalasi repu. Mufunseni kuti ndi angati ali ndi laputopu, ndi angati amawerengera pa foni yobwereka, ndipo ndi ndalama zingati zimene kalasi yake yasiya pa fotokope semesita ino.